Malikisi Khumi ndi Awiri a Keziah

1

Ndiyambe n'kuvomera, chifukwa ndatopa ndi anthu amene amandiyang'ana cham'mbali mumsewu ngati akudziwa zonse. Inde, ndinachita ndine. Pepala la kafukufuku la Keziah Ramdeen linali loyenera malikisi opitirira 70, koma ine Marva Joefield ndinalembapo 64 ndi dzanja langali, masanasana, mutu uli bwinobwino. Chimene anthu a mu San Fernando sadziwa ndi chifukwa chake, ndiye aliyense wakhala akupeka chake.

Ndinaphunzitsa zaka 19 pa koleji ya zamalonda imene mkulu wake anali amuna anga, a Carlyle Joefield. Nyumba, mipando ndi aphunzitsi zinali zathu za kuno ku Trinidad, koma digiri inali ya eni ake, yunivesite ina ya ku Mangalande. Iwo ankalemba silabasi ndi mayeso, ife n'kumaphunzitsa ndi kuchonga, kenako iwo n'kudinda chidindo chawo pa satifiketi. Ankatitchula abwenzi awo m'makalata, koma sankatikhulupirira ngakhale pang'ono, choncho anatimanga ndi malamulo odzaza buku lalikulu.

Lamulo limodzi ndinkalidziwa kuposa wina aliyense. Mapepala onse opeza 70 kupita m'mwamba ankatumizidwa ku Mangalande kuti akawaonenso. Onse olephera ankapitanso. Koma a pakatikati ankangotolapo awiri kapena atatu, ena onse n'kukhala mu kabati mwathu mpaka njenjete zitawapeza. Azunguwo ankaopa mphunzitsi wokondera ndi mphunzitsi wolepheretsa mwana dala. Sanaganizepo za mphunzitsi amene angakankhire mwana pakati, pamene palibe amene amayang'anapo.

Keziah ankafunika 70 pa pepala limenelo kuti digiri yake ikhale ya gulu loyamba. Chaka chilichonse yunivesite inkapereka malo amodzi okha a maphunziro aulere a digiri yachiwiri kwa ophunzira a m'makoleji ake onse a kunja, ndipo Keziah anali atalonjezedwa malowo ngati angafike gulu loyamba tsiku la 30 Juni lisanadutse. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkalemba 64.

2

Amati mapepala timachonga osadziwa mwini wake, chifukwa pachikuto pamakhala nambala yokha. Zimenezo n'zoona mwina ku Mangalande kumene kalasi imakhala ndi anthu mazana asanu. Kwathu, pa ophunzira makumi atatu, ndani wina akanalemba za amayi ophika tsabola wa m'mabotolo ku tauni ya Penal, kupatula mwana wa mayi wophika tsabola wa ku Penal?

Wochonga wachiwiri anali a Selwyn Achong, mphunzitsi wa zowerengera, munthu amene mtima wake unali kale pa penshoni. Ndinawapeza m'chipinda cha aphunzitsi akudya roti ya nkhuku, zala zili noninoni. Anatsegula tsamba loyamba ndi chigongono, n'kufunsa kuti ndapereka angati. Nditanena, anati ngati Marva wati 64 ndiye kuti ndi 64, n'kusayina. Mpaka lero pa fomuyo pali dontho la mafuta a nkhuku.

M'chipinda chomwecho munkayenda miseche ya Keziah ndi amuna anga. Ankati a mkulu amamupatsa moni kawiri patsiku. Ankati kompyuta imene mtsikanayo ankagwiritsa ntchito inachokera mu ofesi yawo, ndiponso kuti tsiku lina kukugwa mvula anamutenga pa galimoto mpaka pokwerera minibasi. Ndikalowa, pakamwa pawo pankatsekeka, n'kuyamba kundifunsa za nyengo. Ankandimvera chisoni ngati mkazi wopusa amene mwamuna wake wasanduka chidyamakanda, ndipo ine ndinkawasiya aganize choncho.

Tsiku limene zotsatira zinatuluka ndinaphika pelau, chakudya chimene a Carlyle amachikonda, ndipo ndinadikira mpaka atadzaza pakamwa.

"Mtsikana uja wa ku Penal sanafike," ndinatero. "Wapeza 64."

Foloko inaima m'malere. Anatafuna pang'onopang'ono, n'kumwa madzi, kenako n'kundifunsa kuti mtsikana wake uti.

"Keziah Ramdeen. Simukumudziwa?"

"Ophunzira ndi ambiri, Marva. Sindingawaloweze onse."

Anamaliza mbale yonse n'kupempha ina. Ndinawayang'ana mmene ankanyambitira foloko, mkulu wa mpingo ameneyu, mlaliki wa pa misonkhano ya mabanja, ndipo ndinadana nawo kuposa tsiku lina lililonse m'zaka 25 za ukwati wathu.

3

Keziah anabwera ku ofesi kwanga Lolemba m'mawa. Anali mtsikana wamtali, wa tsitsi lopotana la anthu a magazi awiri, wachimwenye ndi wakuda, ndipo sankadziwa kuweramitsa maso. Sanalire. Akanalira mwina zikanandiphwekera.

Anaika patebulo fomu ya ndemanga zanga n'kuloza ndi chala. Anati ndalemba kuti sanafunse anthu okwanira, chikhalirecho anafunsa amayi makumi anayi ndi mmodzi, pamene lamulo limati makumi awiri. Anati ndalemba kuti mabuku amene anawerenga ndi akale, chikhalirecho anali omwewo amene ndinamupatsa ndekha.

"Madamu, ndiuzeni pamene ndalakwitsa, ndipite ndikagone."

"Malikisi aperekedwa ndi aphunzitsi awiri, ndipo komiti yavomereza."

"A Achong? Iwo aja ngakhale dzina langa amalitchula molakwika."

Ndinamuuza kuti asamale pakamwa pake, kuti 64 ndi malikisi abwino ndipo ambiri angavine nawo. Iye anati ambiriwo mayi awo sanawotche manja ndi tsabola zaka zitatu kuti mwana aphunzire. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti akudziwa zimene anthu amanena za iye ndi a mkulu, ndipo ngati n'zimenezo zimene ndikumulangira, ndidziwe kuti ndi bodza lonunkha. Anati bambowo sanamugwirepo ngakhale dzanja, amangomuyang'ana modabwitsa basi.

"Ndikudziwa kuti ndi bodza," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akufuna kumvetsa. Ndinamuuza kuti ngati sakukhutira, akaonane ndi a mkulu, chifukwa ndi iwo okha amene angamuthandize. Anapitadi tsiku lomwelo, ndipo ndinamuona akutuluka pasanathe mphindi zisanu. A mkulu anamuuza kuti manja awo ndi omangika, ndipo anamupempherera.

4

Sabata yachiwiri ya Juni kunabwera a Dokotala Harriet Oakes, nthumwi imene yunivesite inkatumiza chaka chilichonse kudzationa ngati tikuphunzitsa moyenera. Ulendo wawo unkakhala sewero limene tonse tinkalidziwa. Makoma ankapakidwa penti mpaka pamene maso a mlendo angafike. Mabuku tinkabwereka kwa mlamu wa a Achong n'kudzaza mashelefu, ndipo makina oziziritsa mpweya ankayatsidwa masiku atatu okhawo pa chaka. Mayiyo ankayenda ndi pepala la timabokosi, akuchonga kalikonse: zimbudzi, zozimitsira moto, maminitsi a misonkhano imene sinachitikepo. Akamaliza tinkamudyetsa nkhanu ndi madumplingi, nkhope n'kufiira ndi tsabola, n'kunena kuti Trinidad ndi dziko la anthu ansangala.

Pa ndandanda wake panali ola limodzi lokumana ndi ophunzira popanda aphunzitsi. Tinkasankha ana asanu ndi mmodzi ofatsa n'kuwaphunzitsa zoyankha. Chaka chimenecho Keziah sanasankhidwe, koma analowa yekha n'kukhala kutsogolo. Ndinamva kwa mlembi wathu kuti anaimirira mayiyo asanamalize moni, n'kufunsa kuti kodi chidindo cha ku Mangalande chimatanthauza chiyani ngati palibe wa ku Mangalande amene anawerenga pepala lake.

Masana a Oakes anatiitana ine ndi a Carlyle mu ofesi. Anayamba ndi kupepesa, monga amachitira anthu a kwawo akafuna kukubaya. Anafotokoza kuti wophunzira sangachite apilo chifukwa chongoti malikisi amuchepera, popeza maganizo a mphunzitsi pa pepala satsutsidwa. Khomo lotseguka linali limodzi lokha: ngati pali ndondomeko imene inaphwanyidwa, monga wochonga kukhala pa ubale ndi wophunzira koma osaulula. Zikatero pepala limapita ku Mangalande kukachongedwa mwatsopano.

Anatulutsa fomu imene aliyense wa ife ankasayina kumayambiriro kwa chaka. Inkafunsa ngati pakati pa ophunzira pali mwamuna kapena mkazi wako, mwana wako, mwana wa mnzako wa pabanja, kapena m'bale wako. Anati aona kuti mayina a makolo ndi osiyana, Joefield ndi Ramdeen, choncho akungofunsa mwamwambo chabe. Ndinatsala pang'ono kuseka. Munthu wophunzira chonchi, wobwera kuno zaka zisanu ndi chimodzi, ankaganizabe kuti pa chilumba chino magazi amayenda ndi dzina la pa chiphaso.

"Mayi Joefield, pali ubale uliwonse pakati pa inu ndi wophunzirayu?"

"Funsani a mkulu," ndinayankha. "Mafomu onsewa amatsimikizira ndi iwo. Akudziwa bwino kuposa ine."

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Thukuta linali litatuluka pamphuno pawo ngakhale makina oziziritsa anali akulira. Anakonza tayi, n'kumwetulira kumwetulira kwawo kwa paguwa.

"Palibe ubale uliwonse, a Dokotala."

Mayiyo anachonga kabokosi kake. Anati ngati pangapezeke china chatsopano tilembe kalata, n'kunyamuka kukagwira ndege.

5

Kunatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi kuti 30 Juni ifike. M'mawa uliwonse ndinkaika fomu ya ubale ija, yosalembapo kanthu, pambali pa kapu ya khofi ya a Carlyle, cholembera pamwamba. M'mawa uliwonse ankaisuntha n'kuikapo buledi. Sitinkalankhulana za iyo. Ankawerenga vesi la tsikulo mokweza, ine n'kunena ameni.

Loweruka lina akutsuka galimoto pabwalo, ndinatuluka n'kutseka mpopi.

"Mudzaza liti fomu ija?"

Anati sakumvetsa zimene ndikunena, ndipo ngati ndikudwala ndipite kuchipatala. Apo m'pamene ulemu wa zaka 25 unandithera.

"Iwe Carlyle, Keziah ndi mwana wako. Ndikudziwa, ndipo ndadziwa kwa chaka ndi theka."

Anandiuza ndi apongozi anga, mayi awo, ali m'chipatala sabata imene anamwalira. Musaganize kuti ananena pofuna kutula katundu asanakumane ndi Mulungu. Mayi amene uja anandida kuyambira tsiku la ukwati, ndipo kwa zaka zonsezo ankanditchula chumba pamaso pa alendo. Tsiku limenelo ndinali ndikuwapukuta m'kamwa, iwo n'kundigwira dzanja n'kunena kuti ndisamadzinamize, vuto silinali kwa mwana wawo. Anati umboni ndimauphunzitsa ndekha Lachiwiri ndi Lachinayi, mwana wa Parbatee Ramdeen amene kale ankagulitsa zakudya pa geti ya koleji. Anamwalira ali okhutira.

Ndinapita ku ofesi n'kutsegula fayilo ya Keziah kuti ndione tsiku lobadwa. Ndinawerengera m'mbuyo miyezi isanu ndi inayi, n'kupeza kuti unali mwezi womwewo umene ine ndinagona m'chipatala nditapita padera kachitatu. Pamene ndinkalira mwana wanga pabedi la chipatala, amuna anga anali ku Penal. Ndiyeno kwa zaka 22 anaimirira pambali panga m'tchalitchi, anthu akutipempherera kuti tilandire mphatso ya mwana, iwo akugwedeza mutu mwachisoni.

Ana obadwira kunja kwa banja si chinthu chachilendo kuno. Pamaliro a mwamuna aliyense timayembekezera kuona nkhope zatsopano zofanana ndi malemu. Akanandiuza, ndikanalusa, mwina ndikanaswa mbale, koma ndikanapirira monga anapiririra amayi anga ndi azakhali anga. Chimene sindinathe kumeza n'chakuti anandisiya ndisenze ndekha manyazi a nyumba yopanda mwana, iwo ali ndi wawo amene ankamupatsa moni kawiri patsiku.

Choncho ndinawatchera msampha, ndipo nyambo yake anali Keziah. Ndinkadziwa buku la malamulo. Ndinkadziwa kuti pepala la 64 silingatuluke mu kabati pokhapokha wina atalemba kuti mtsikanayu ndi mwana wa Carlyle Joefield. Ndinkafuna alembe yekha, ndi dzanja lake, pa pepala lopita kutsidya kwa nyanja kumene sangakalifufute. Ndinali wotsimikiza kuti palibe bambo amene angaonerere mwana wake akutaya tsogolo chifukwa cha siginecha imodzi.

6

A Carlyle anaimirira ndi chinkhupule m'manja, thovu likudontha pa nsapato. Sanakane, sanapepesenso. Choyamba chimene anafunsa chinali chakuti ndauza ndani.

Kenako anayamba kundiwerengera zimene zingawonongeke. Anati mpingo udzawachotsa pa ukulu. Anati yunivesite ikadziwa kuti akhala akusayina fomu yabodza zaka zitatu, idzathetsa mgwirizano, ndipo ana mazana atatu adzavutika chifukwa cha nsanje yanga. Anati mayi ake a mtsikanayo analumbira kuti sadzaulula, moti Keziah amadziwa kuti bambo ake anali woyendetsa sitima wa ku Guyana amene anamira iye asanabadwe. Ndiye n'kumuvutitsiranji mwana ndi nkhani zakale?

"Malo aja akumutayika," ndinatero. "Kwatsala masiku asanu ndi anayi."

"Ndimupezera ntchito mu ofesi ya kaundula. Ndi mtsikana wanzeru, sangasowe chochita."

"Mwana wako yekhayo, ukufuna akhale kalaliki wako?"

"Wayambitsa ndiwe, Marva. Usandipake ine magazi a pepala limene unapha wekha."

Anatsegulanso mpopi n'kupitiriza kutsuka matayala.

Apa m'pamene pali tchimo langa lenileni, ndipo sindilibisa. Tsiku lomwelo ndikanatha kulemba kalatayo ndekha. Ndinali ndi kompyuta, ndinali ndi adiresi ya a Oakes, ndipo ine ndemwe ndinali wochonga amene sanaulule ubale. Koma sindinkafuna kuti ichoke kwa ine. Ndinkati mawa agonja, akaona mtsikanayo akudutsa pakhonde agonja, Lamlungu akalalikira chikumbumtima chimugwira. Lamlungulo analalikira za mwana wolowerera, anthu n'kumaombera m'manja. Ndinadikira Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, ndikuika fomu pambali pa khofi, ndikuonerera masiku a Keziah akutha pofuna kuti ndipambane mkangano wa m'nyumba mwanga.

Ndinalemba pa 27 Juni. Ndinanena zonse: kuti wophunzirayo ndi mwana wa amuna anga, kuti ndinadziwa ndisanachonge, ndiponso kuti ndinatsitsa malikisi dala. Yankho linabwera tsiku lotsatira, laulemu kwambiri. Anandithokoza chifukwa cha kalata yanga, n'kundidziwitsa kuti komiti yoona za maapilo idzakumana pa 11 Julaye, monga mwa kalendala yake. Ndinaimba foni katatu kupempha kuti afulumire kapena asunge malowo. Mayi wina wa mawu okoma anandiuza kuti akumvetsa, koma komiti ya apilo ndi ina, komiti ya malo a maphunziro ndi inanso, ndipo iliyonse ili ndi masiku ake.

7

Aphunzitsi awiri a ku Mangalande anawerenga pepala la Keziah n'kulipatsa 76. Mmodzi analemba kuti ndi loyenera kusindikizidwa. Digiri yake inakwezedwa kufika gulu loyamba pa 14 Julaye. Malo aja anali ataperekedwa kale kwa mnyamata wina wa ku Malaysia pa 1 Julaye, ndipo lamulo linkati munthu amapikisana nawo chaka chimene wamaliza chokha.

Zotsatira zake munazimva, inu a kuno. Kunabwera azungu atatu m'malo mwa mmodzi, ndipo ulendo uno sanadye nkhanu. Anatsegula kabati n'kutenga mapepala onse amene ndinachonga m'zaka zisanu. Ine ndinachotsedwa ntchito, a Achong anapumitsidwa msanga, ndipo eni koleji anauza a Carlyle kuti atule pansi udindo kuti mgwirizano usathe. Mpingo unawakhazika kumbuyo miyezi isanu ndi umodzi, kenako unawakhululukira. Ine sunandikhululukire, chifukwa akuti ndinaulula za m'nyumba kwa alendo. Ndinasamukira kwa mchemwali wanga ku Marabella. Yunivesite nayo inawonjezera tsamba lina m'buku lake, ndi kabokosi katsopano pa fomu.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sindinachiganizire m'mapulani anga onse. Lamulo lawo limati wophunzira amene apilo yake yamveka ayenera kulandira kalata yofotokoza chifukwa chake. Palibe amene anaimba foni, palibe amene anafunsa ngati mtsikanayo akudziwa. Kalata inangopita ku Penal, ya chidindo chokongola, yonena m'ndime yachiwiri kuti komiti yapeza kuti wophunzirayo ndi mwana wobereka wa mkulu wa koleji, ndiponso mwana wopeza wa wochonga woyamba.

Umo ndi mmene Keziah Ramdeen anadziwira bambo ake.

8

Ndinapita ku Penal mu Ogasiti, Lachisanu cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinkadziuza kuti ndikukapepesa, koma pansi pa mtima ndinkafuna kuti wina andiuze kuti pomaliza ndinachita chinthu cholimba mtima. Nyumba yawo ndinaipeza ndi fungo. Pansi pa nyumba, pamthunzi, panali migolo ya buluu ndi tebulo lalitali la mabotolo, ndipo tsabola ankaluma m'maso ndisanalowe n'komwe pa geti.

Woyamba kundiona anali Parbatee. Anali atakalamba kuposa ine, manja akuda ndi zipsera. Kwa chaka ndi theka ndinali ndikukonza mawu oti ndidzamulavulire, koma iye ndi amene anayamba. Anati ngati ndabwera kudzamenyana ndidikire amalize mgolo umenewu, ndipo ngati ndabwera kudzagula, botolo laling'ono latha. Kenako anakwera masitepe n'kutisiya.

Keziah anali atavala magolovesi, akuthira tsabola m'mabotolo ndi fanulo. Sanandipatse mpando. Ndinalankhula zambiri. Ndinamuuza za apongozi anga, za chipatala, za fomu ya pambali pa khofi. Ndinati sindinkalimbana ndi iye, ndinkalimbana ndi bambo ake, ndipo ndinkafuna kuti amuvomereze pamaso pa anthu. Ndinafika mpaka ponena kuti mwanjira ina ndinkamumenyera nkhondo. Iye ankangodzaza botolo, kutseka, kupukuta, kutenga lina.

"Madamu, munaliwerenga pepala langa?"

"Katatu."

"Linali bwanji?"

"Sindinachongepo labwino kuposa limenelo m'zaka 19."

Anagwedeza mutu pang'ono. Anandiuza kuti a Carlyle anabwera sabata yapitayo ndi Baibulo ndi keke, n'kumutchula mwana wanga, ndipo iye anawauza kuti asunthe galimoto chifukwa yatseka njira ya lole ya mabotolo. Anati woyendetsa sitima wa ku Guyana uja, ngakhale sanakhaleko, anali bambo wabwino, chifukwa sanamulandepo kanthu.

Kenako anavula golovesi imodzi n'kundiyang'ana m'maso.

"Mukanandifunsa, Madamu. Munali nane Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Mukanangondifunsa, ndikanakuuzani kuti bambo sindikuwafuna. Ndinkafuna 70 yanga."

Anavalanso golovesiyo n'kundipempha kuti potuluka nditseke geti, chifukwa agalu a oyandikana nawo amalowa.

9

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwandiweruza kale, ndipo sindikupemphani kuti musinthe maganizo. Sindikuuzaninso kuti ndinakhululukira a Carlyle, chifukwa sindinatero ndipo sindikuona tsiku limene ndidzatero. Ndikawaona pa chithunzi cha mpingo atanyamula mbale ya mgonero, mtima umandiwirabe. Azungu aja nawo sindiwayamika. Anali ndi buku lalikulu, makomiti anayi ndi nthumwi ya pa ndege, koma palibe mmodzi mwa iwo amene anatsegula pepala la mtsikanayo mpaka mkazi wokwiya atawalembera kalata.

Koma akazi anzanga, makamaka inu amene mwasunga chilonda ngati changa, ndimvereni pa ichi chokha. Mukafuna kubwezera mwamuna, yang'anani kaye chimene mwanyamula m'manja kuti mumugende nacho. Ine ndinkadziona ngati wolakwiridwa yekhayo m'nkhani imeneyi, ndipo ndinali wotanganidwa ndi ululu wanga moti sindinaone kuti ndikuchita kwa mwana uja zomwezo zimene bambo ake anachita: kumuyesa chinthu chogwiritsa ntchito pa nkhani za akuluakulu.

A Carlyle anabwerera paguwa. Ine ndimaphunzitsa ana a sekondale masamu pakhonde pa mchemwali wanga, ndipo ndimadya. Tonse awiri amene tinalakwa tinapeza pokhala. Keziah ali ndi zaka 24 tsopano, ali ndi digiri ya gulu loyamba ya ku Mangalande, ndipo Loweruka lililonse amakwera minibasi ya m'mamawa ndi makatoni awiri kukagulitsa tsabola pa msika wa San Fernando. Ndimadutsa mbali ina ya msewu.